Mwana wanga ali ndi magazi ochepa, kodi ndisiye mankhwala?

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 2 amupeza ndi magazi ochepa chifukwa chosowa ayironi m'thupi. Chiyambireni kumwa mankhwala, chimbudzi chake chada, ndipo ndalama zogulira nyama kawirikawiri ndilibe. Kodi ndimusiyitse? — Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, musamusiyitse. Kuda kwa chimbudzi kumachitika kwa ana ambiri amene akumwa ayironi, ndipo sikoopsa. Mankhwalawa amamwedwa kwa miyezi pafupifupi 3, chifukwa magazi akabwerera, thupi limafunikabe kudzaza nkhokwe yake ya ayironi, ndipo mwana amene wasiya msanga angathe kudwalanso. Mlingo wake amauwerengera pa kulemera kwa mwana, choncho musaonjezere nokha, komanso botolo mulisunge patali, popeza ayironi wambiri nthawi imodzi angathe kupha mwana.

Za chakudya musataye mtima. Nyemba ndi masamba obiriwira zili ndi ayironi, ndipo thupi limamutenga bwino mwana akadyanso chipatso chokhala ndi vitamini C, monga lalanje. Kachidutswa ka chiwindi kapena nsomba, ngakhale mwa apo ndi apo, kamathandiza kwambiri. Chimene ndikukupemphani kwambiri ndi chakuti musamupatse tiyi pa chakudya, ndipo mkaka wa ng'ombe usachuluke, chifukwa zonsezi zimalepheretsa ayironi kulowa m'thupi.

Pemphaninso kuti amuyeze malungo ndi njoka za m'mimba, zimenenso zimachepetsa magazi. Akayamba kupuma mofulumira, kufooka kwambiri kapena manja kuyera mbee, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.