Ndapirira zaka 24, kodi kufuna kusangalala ndi tchimo?

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 47, ndimakhala ku Blantyre. Ndinakwatiwa ndili ndi zaka 23 ndipo tili ndi ana atatu. Ndinene poyambirira kuti bambo a kunyumba si munthu woipa. Samwa mowa, sanandimenyepo, fizi ya ana amalipira, ndipo mbiri ya chibwenzi sindinaimvepo. Nanenso mbali yanga ndachita. Apongozi anga aakazi atadwala sitiroko ndinawasamalira zaka 6, kuwasambitsa ndi kuwatembenuza mpaka tsiku limene anatisiya. Ana awiri a malemu mng'ono wanga ndalera ine, ndi tindalama ta kaunjika amene ndimagulitsa ku Limbe.

Mwezi wathawu ku ukwati wa mwana wa mnzanga anandikokera kukavina pa perekaniperekani. Ndinavina, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa, kenaka ndinathawira kuseri kwa holo kukalira, chifukwa ndinalephera kukumbuka tsiku lomaliza limene ndinasekapo chonchi. Kunyumba timadya chete. Kuchipinda tinasanduka munthu ndi mlongo wake, ndipo zikachitika mwa apo ndi apo ndimamva kupweteka, ndimangolimba mtima kuti zithe.

Nditauza amayi anzanga a ku Mvano anati, "Mukufunanso chiyani? Banja ndi kupirira, zosangalatsa n'za atsikana." Koma pali mnzanga wina wamwamuna wa kusekondale amene anandipeza pa Facebook. Mkazi wake anamwalira. Timalemberana usiku ndipo amandiseketsa. Sitinakumanepo. Azakhali, kodi moyo wopanda chisangalalo uli ndi phindu? Kodi zaka zanga zonsezi zapita pachabe, kapena ndikungofuna za dziko?

Mayi wa ku Blantyre

Mayi wanga,

Ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo. Zaka zanu sizinapite pachabe. Kutembenuza wodwala usiku ndi usana kuti asatuluke zilonda kumsana si ntchito yokoma, ndipo sindikhulupirira kuti panali tsiku limene inakukomani. Koma ndani angaimirire n'kunena kuti inali yopanda pake? Ana a mng'ono wanu aja akanakhala kuti lero? Pali zinthu zikuluzikulu zimene munthu amachita misozi ili m'maso, ndipo sizichepa chifukwa choti sizinakome. Amene amati moyo ndi kunjoya basi sanagonepo pa simenti m'chipatala akudikirira m'bale wake.

Komabe amayi anzanu aja sindikugwirizana nawo, ngakhale ndikudziwa kuti analankhula zimene iwonso anauzidwa pa chilangizo. Kupirira ndi khasu. Timalima nalo kuti tikolole, koma palibe amene amaphika khasu n'kugawira ana. Inu mwalima zaka 24, ndipo mukafunsa za zokolola akuti limanibe. Nsima yopanda ndiwo imasunga moyo, inde, koma munthu akaidya tsiku ndi tsiku pakhosi pamafika pokana. Kulira kwanu kuseri kwa holo kunali kukana kwa pakhosi kumeneko.

Amene amati kusangalala n'kwachilendo kapena n'kwa atsikana sanawaonetsetse makolo athu. Agogo anga kumudzi ankadzuka tambala woyamba, madzi kutali, nkhuni kuphiri, mwana kumbuyo. Koma pamtondo ankaimba, ndipo nyimbo zake zina zinali zoseketsa moti mpongozi wamwamuna akamadutsa ankayang'ana kumbali. Munda ukakula ankaitana dima, anthu n'kulima limodzi, thobwa ndi mowa zili pamthunzi. Mwezi ukawala, amayi a imvi ankamanga nsalu m'chiuno n'kulowa m'bwalo la chimtali. Anankungwi enieni sankaphunzitsa kugwada ndi kuphika kokha. Ankaphunzitsanso za mikanda ndi za kuchipinda, ndipo ankanena poyera kuti kumeneko onse awiri ayenera kutulukako okondwa. Anthu amenewo anali osauka kuposa ife, koma ntchito ndi chisangalalo sanazilekanitse. Chimene chimandiwawa n'chakuti pa malangizo a masiku ano tasunga mawu a kupirira, zinazo tazitaya panjira.

Popeza ndinu wa Mvano, tsegulani Mlaliki 9:9 muone kuti mwamuna akulamulidwa kukondwera ndi mkazi amene amamukonda masiku onse a moyo wake. Ndipo chozizwitsa choyamba cha Yesu chinachitikira pa ukwati ku Kana, vinyo atatha, kuti phwando lisathere panjira. Musalole munthu akuuzeni kuti Mulungu amakondwera ndi nkhope yokwinya.

Tsopano za kupweteka kuja. Musalimbenso mtima, pitani kuchipatala. Amayi ambiri amasiya kusamba pakati pa zaka 45 ndi 55, ndipo nthawi imeneyi ikamayandikira thupi limachepetsa michere ina yotchedwa mahomoni, njira ya amayi imauma, kukhalira pamodzi n'kumawawa. Si matsenga, si kukalamba kwa mtima. Pali mafuta ofewetsa opangidwira zimenezi amene amagulitsidwa m'mafamase, ndipo anamwino angakuuzeni zina. Muli komweko pemphani kuti akuyezeni khomo la chiberekero. M'zipatala za boma kuyezaku n'kwaulere, ndipo dziko lathu lili m'gulu la mayiko amene khansa imeneyi imapha amayi ambiri padziko lonse. Kupweteka kapena kutaya magazi mukatha kukhalira pamodzi si zinthu zobisira namwino.

Ndinaganizanso za matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, chifukwa chizindikiro chake chachikulu ndi chomwechi, kusamva kukoma kwa zinthu zimene kale zinkakoma. Zikamapitirira milungu iwiri, tulo osabwera, chakudya osalowa, kapena maganizo oti bola kufa akamabwera, munthu ayenera kuonana ndi achipatala msanga. Koma inu munavina n'kuseka mpaka nthiti kuwawa. Zikundiuza kuti mtima wanu sunafe, wangokhala ndi njala.

Njala imeneyo ndi imene bambo wa pa Facebook uja wapeza. Sindikuweruzani, koma ndikuuzani mosabisa: lekezani pomwepo. Dzifunseni ngati mungapereke foni yanu kwa bambo a kunyumba kuti awerenge zonse zimene mumalemberana. Ngati mtima wagunda pongoganiza, ndiye kuti phazi limodzi laponda kale kunja. Mnzanuyo amakuonani mphindi zochepa usiku, mutasamba, mutakhala pansi. Sanakuoneni mukuchapa zofunda za apongozi m'bandakucha. Kuseketsa mkazi amene sukumulipirira lendi n'kosavuta. Chikomekome cha mkuyu, mukudziwa zimene zimakhala m'kati. Chimene iye wakuthandizani n'chimodzi chokha, kukukumbutsani kuti mumadziwa kuseka. Tengani chimenecho, mwiniwakeyo mumutsanzike mwaulemu.

Nanga bambo a kunyumba? M'kalata yanu yonse simunanene kuti munawauzapo zimenezi. Mwauza amayi a kutchalitchi, mwauza ine, mwina mwauzanso wa pa Facebook, koma amene mumagona naye chipinda chimodzi sakudziwa. Ndikukayikira kuti nawonso akupirira. Amuna ambiri a msinkhu wawo analeredwa kuti chikondi ndi thumba la ufa ndi risiti ya fizi, ndipo akapereka zimenezo amaona kuti anena zonse. Ena matenda a shuga kapena kuthamanga kwa magazi amawafooketsa kuchipinda, ndiye m'malo monena amangotembenukira kukhoma chifukwa cha manyazi. Mwinanso anaona kale kuti mumamva kupweteka, n'kuganiza kuti simuwafuna. Anthu awiri abwino akhoza kukhala nyumba imodzi zaka zambiri, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye anatseka chitseko.

Ankhoswe musawaitane kaye. Palibe mlandu pano, ndipo mwamuna akaona ankhoswe pakhomo amayamba kudziteteza asanamve n'komwe nkhani. Musayambirenso kuchipinda. Sankhani Loweruka masana, muwapemphe kuti akuperekezeni kwinakwake, ngakhale kukadya chipisi ndi nkhuku m'tauni, kapena kukwera minibasi mpaka ku Zomba kukaona phiri. Muli kumeneko musanene kuti "simundisangalatsa", chifukwa akamva zimenezo makutu atsekeka. Auzeni za ukwati uja. Nenani kuti, "Bambo, ndinavina n'kulira, chifukwa ndinakumbuka mmene tinkasekera tisanakhale ndi ana. Ndakusowani." Kenaka afunseni chimene iwo amachilakalaka, ndipo mukhale chete nthawi yaitali ndithu kuti ayankhe.

Chinanso, musapachike chisangalalo chanu chonse pa khosi la mwamuna mmodzi, sangachisenze. Munali mtsikana wokonda chiyani musanakhale mayi wa aliyense? Ngati ndi kuimba, kwaya ilipo. Ngati ndi netibo, amayi a msinkhu wanu akusewera m'mabwalo a masukulu Loweruka. Pa phindu la belo lililonse la kaunjika patulani kandalama kena kamene si ka ufa, si ka magetsi, si ka maliro a kumudzi. Gulani chitenje chimene mwachikonda inu, osati yunifolomu ya chinkhoswe cha mwana wa mnzanu. Poyamba mudzamva ngati mukuba, chifukwa dzanja lanu linazolowera kupereka kokha. Gulanibe.

Mwina bambo aja adzaseka tsiku loyamba, kapena adzati, "Mwayamba liti zimenezi?" Musabwerere m'chigoba ngati kamba. Mawu amene akhala osanenedwa zaka zambiri satuluka tsiku limodzi. Dikirani sabata, muyambirenso. Akavomera, pitani limodzi kuchipatala, inu kwa anamwino, iwo akayezetse shuga ndi BP. Pakatha miyezi itatu mundilemberenso, mundiuze zimene anayankha pa funso lija.

Azakhali