Chingerezi cha malonda ndi chomvana, osati chokometsera

Mayi, mwafunsa ngati mukuyenera kuyamba mwadziwa Chingerezi chapamwamba musanayambe kuitanitsa katundu kuchokera ku China ndi ku Dubai. Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo ndikukupemphani kuti manyazi asakubwezeni m'mbuyo, chifukwa wogulitsa wa ku Guangzhou amene muzidzalemberana naye, Chingerezicho anachita kuphunzira ngati inu nomwe.

Ngakhale m'makampani akuluakulu zinthu zili chomwecho. Ku Airbus, kampani yopanga ndege, Mfalansa ndi Mjeremani akakhala pamsonkhano amalankhulana m'Chingerezi, chinenero chomwe palibe mwa iwo anayamwira. Ku Japan, mkulu wa kampani ya Rakuten, Hiroshi Mikitani, analamula mu 2010 kuti misonkhano, makalata ngakhalenso mndandanda wa zakudya m'kantini zikhale m'Chingerezi, ndipo anapatsa antchito zaka ziwiri kuti akhoze mayeso a Chingerezi otchedwa TOEIC. Ambiri anavutika nazo, koma cholinga chinali chakuti wantchito wa ku Tokyo azimvana ndi mnzake wa kunja popanda womasulira.

Kumene anthu amaluzira ndalama ndi pa mawu ochepa a mgwirizano, ndipo ndi pamenepa pamene ndikufuna muikepo mtima. Bungwe la International Chamber of Commerce, lomwe likulu lake lili ku Paris, linakhazikitsa mu 1936 malamulo otchedwa Incoterms, omwe amanena amene alipire chiyani, ndiponso pamene udindo wa wogulitsa ukuthera. Wogulitsa akakulemberani mtengo wa FOB Shanghai, ndiye kuti iye akangokweza katundu m'sitima yapamadzi ku Shanghai wathana nazo, ndipo ndalama za sitima ndi inshuwalansi ndi zanu. Akalemba CIF Beira, iye walipira sitima ndi inshuwalansi mpaka padoko la Beira basi. Thiraki yofikitsa kontena ku Blantyre kapena ku Lilongwe, malipiro a ejenti pachipata, ndi msonkho wa MRA, zonsezo zikudikira thumba lanu. Komanso katundu akaonongeka panyanja, mudzadandaula kwa a inshuwalansi, osati kwa wogulitsa. Munthu wa Chingerezi chothyokathyoka amene akudziwa zimenezi ndi wotetezeka kuposa wolankhula mosadodoma amene sakuzidziwa.

Polemba, gwiritsani ntchito ziganizo zifupizifupi, funso limodzi pa chiganizo chimodzi, ndipo miyambi ndi nthabwala muzisiye, chifukwa mnzanuyo mwina akumasulira uthenga wanu ndi foni. Mwezi muziulemba m'mawu, popeza 03/04 kwa Mwamerika ndi 4 March pomwe kwa ife ndi 3 April. Mukagwirizana chinthu pafoni, tumizani uthenga tsiku lomwelo wobwereza mtengo, kuchuluka kwa katundu ndi tsiku lotumiza, ndipo musalipire asanavomereze molemba.

Dziwaninso kuti Chingerezi sichifika paliponse. Ku Beira ndi ku Nacala ntchito zambiri za padoko ndi za msonkho zimayenda m'Chipwitikizi, choncho posankha ejenti mufunse ngati ali ndi munthu kumeneko wodziwa chinenerocho.