Kwa achemwali amene mutu ukuwapweteka masana aliwonse

Achemwali, mwanena kuti kwa miyezi inayi tsopano mutu umakupwetekani pafupifupi tsiku lililonse, makamaka masana mukakhala pa makina osokera, ndipo mukufuna tikuuzeni mankhwala amphamvu kuposa Panado poti sakuthandizanso. Chonde musayambe mwagula ena. Nkhawa yanga ili pa Panado yemweyo.

Ambiri sadziwa kuti mankhwala opha ululu nawonso amayambitsa mutu akachuluka. Munthu akamamwa Panado, Brufen kapena aspirin masiku 15 kapena kuposa pamwezi, kwa miyezi yopitirira itatu, thupi limawazolowera. Mphamvu yake ikangotha, mutu uja wabwerera, inu n'kumwanso. Mapilitsi osakaniza ndi caffeine ndiye sachedwa n'komwe, masiku 10 pamwezi akwanira. Mankhwala a mutu woterewu ndi kusiya mapilitsiwo. Masiku oyambirira ululu umakula ndithu, koma kenako umayamba kuchepa, n'chifukwa chake ndi bwino kusiya mothandizidwa ndi adokotala. Ndipo Panado wa 500mg musapitirize mapilitsi 8 pa maola 24, amawononga chiwindi. Brufen ndi aspirin ayi ngati muli ndi zilonda zam'mimba kapena ndinu oyembekezera.

Ndiye sabata ino pitani kuchipatala. Akakuyezeni BP, chifukwa ambiri amakhala nayo yokwera osadziwa. Ngati thupi likutentha kapena mukumva tsembwe, ayezenso malungo. Musamwe LA musanayezedwe. Maso nawonso awaone, ntchito yanuyi ndi yolowetsa ulusi pasingano tsiku lonse.

Mmene mwafotokozeramu, ndikuganiza kuti unayamba ngati mutu wamba uja womva ngati wina wakumangani kansalu mothina kuzungulira chipumi, khosi ndi mapewa zili gwa. Umabwera ndi kuwerama nthawi yaitali, kugona mochedwa, kudumpha nkhomaliro ndiponso maganizo. Ndikudziwa kuti nyengo ya mayunifomu kapena ya maukwati telala sadzuka pampando, komabe ola lililonse imirirani, muwongole msana, mutembenuze khosi pang'onopang'ono. Botolo la madzi likhale pambali pa makinawo. Kutentha kwa mu Okutobala pansi pa malata kumaumitsa thupi munthu asanamve ludzu, ndipo mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri dziwani kuti madzi achepa.

Funso lina: kodi mumasita ndi simbi ya makala, kapena pali mbaula m'kashopumo? Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa wopanda fungo, umene umapweteketsa mutu, kuchititsa chizungulire, ndipo m'chipinda chotseka umapha. Ngati mutuwo umaleka mukatuluka panja, yambirani pamenepo. Simbi ndi mbaula zikhale pakhonde, mawindo akhale otsekula.

Mutu waching'alang'ala ndi wina. Nthawi zambiri umagwira mbali imodzi, umagunda, umabwera ndi nseru, ndipo kuwala ndi phokoso zimasowetsa mtendere. Amayi ambiri umawagwira akatsala pang'ono kusamba. Kugona m'chipinda chamdima, kansalu konyowa pachipumi, kumathandiza, ndipo ukamabwera kawirikawiri alipo mankhwala oupewa amene adokotala angakulembereni. Zotema mphini m'mbali mwa mutu zisiyeni, mungotengerapo matenda ena ndi lezala.

Koma pali mutu wosadikira mawa: wobwera mwadzidzidzi ndi ululu umene simunaumvepo, wobwera ndi kuuma khosi ndi kutentha thupi, kukomoka, kusokonezeka, kufooka mbali imodzi, kupotoka pakamwa, kapena wotsatira kumenyetsa mutu. Chimodzimodzi kwa mayi woyembekezera amene akutupa nkhope ndi manja kapena akuona zinthu mwachimbuuzi, komanso munthu amene ali ndi HIV mutu ukamakulirakulira. Amenewa athamangire kuchipatala ngakhale usiku.

Kuyambira lero muzilemba m'kope lanu lolembamo miyeso ya zovala lija tsiku limene mutu wapweteka, nthawi yake, chimene munadya ndi mapilitsi amene mwamwa. Popita kuchipatala mutenge kopelo ndi mapepala a mankhwala onse, adokotala akaone okha.