Njenjete za m'chimanga ndi mu ufa: yankho kwa mayi wa ku Mtendere

Mayi wina wa ku Mtendere kuno ku Lusaka wandilembera imelo yonena kuti matumba awiri a chimanga amene makolo ake anamutumizira mu Juni kuchokera ku Katete ayamba kutulutsa tiagulugufe totuwa, ndipo ufa, mpunga ndi nshawa za m'kabati zayamba kuundana ngati zakulungidwa ndi ulusi wa kangaude. Akuti amapopera mankhwala a udzudzu madzulo aliwonse koma palibe chimene chikusintha, choncho akufunsa ngati chakudyacho chingadyedwebe, ndiponso ngati agule mapiritsi aja amene ena amaponya m'matumba.

Mayi, ndiyambe ndi mapiritsiwo chifukwa nkhani yake ndi ya moyo. Mapiritsi a aluminium phosphide akakhudzana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine, umene umapha tizilombo komanso anthu. Ntchito yake ndi ya akatswiri, m'nyumba zosungiramo mbewu zimene simugona munthu. Ambiri a ife matumba timawaunjika m'chipinda chomwecho chimene ana amagona, ndiye musagule, ngakhale wogulitsa atakutsimikizirani kuti theka la piritsi silivulaza.

Tiagulugufe timene mukuonato ndi njenjete, ndipo chifukwa chake kupopera sikukuthandiza n'chakuti njenjete youluka sidya chimanga kapena ufa. Imakhala sabata imodzi kapena awiri, ntchito yake kuikira mazira basi. Zowononga ndi mphutsi zake, zimene zili m'kati mwa chakudya mmene mankhwala a udzudzu safika, ndipo sayenera kufikamo n'komwe. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuona kuti muli ndi mitundu iwiri. Ya m'chimanga, yotchedwa Sitotroga cerealella, imaikira mazira chimanga chikadali kumunda kapena m'nkhokwe, ndipo mphutsi yake imalowa m'kati mwa njere n'kudya mobisala mpaka itasanduka njenjete ndi kutulukira pa kabowo kozungulira. Choncho thumba limatha kukwera basi ku Katete likuoneka labwino kwambiri pamene alendowo ali kale m'kati. Ya m'kabati ndi ya gulu la Plodia kapena Ephestia, ndipo imeneyi ndiyo imaluka ulusi umene ukuundanitsa ufa wanu. Yaikazi imodzi imaikira mazira oposa 100, ndipo m'kutentha kwa Okutobala zimangotenga pafupifupi mwezi umodzi kuchokera pa dzira kufika pa njenjete ina yoikira mazira. Mphutsi zake zimaboola pepala ndi pulasitiki wopyapyala mosavuta, ndipo zikakhwima zimachoka m'chakudya kukabisala m'ming'alu ya kabati, m'misoko ya matumba ndi m'makona a kudenga.

Za kudya, mphutsizi zilibe poizoni. Chimanga chongobooledwa pang'ono chipeteni pa lichero, muchiyanike pa dzuwa lamphamvu chitayalidwa mopyapyala, kenako mupite nacho kuchigayo mwamsanga. Ufa umene wangoyamba kumene kugwidwa ungasefedwe n'kudyedwa sabata yomweyo. Koma chilichonse chonunkha chuku, chonyowa kapena chosintha mtundu chitayeni, makamaka nshawa ndi chimanga, chifukwa chuku china chimatulutsa aflatoxin, poizoni wowononga chiwindi amene satha ndi kuphika. Musapatsenso nkhuku.

Mukatero tulutsani zonse za m'kabati, mutsuke ndi madzi otentha ndi sopo, mukolope ming'alu yonse, ndipo musese kudenga. Mpunga, nyemba ndi ufa wochepa mungaziike mu firiza kwa sabata yathunthu, pakuti kuzizira kwa madigiri 18 pansi pa ziro kumapha mazira ndi mphutsi zomwe. Magetsi akamazimazima monga timaonera kuno, onjezerani masiku ena. Mukatulutsa, sungani m'mabotolo agalasi kapena m'zidebe zolimba zotseka bwino, osati m'mapepala amene munagulira.

Pa chimanga chambiri, ine ndimakhulupirira matumba osalowa mpweya kuposa mankhwala. Matumba a PICS, amene anapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America, ali ndi mapulasitiki awiri m'kati ndi saka kunja. Mukamanga lililonse palokha mwamphamvu, tizilombo timatha tokha mpweya umene unatsala m'katimo n'kufa, ndipo chimangacho mumadya popanda mankhwala. Koma chimanga chiyenera kuuma ndithu, chinyezi chake chisapose 13 peresenti. Njira yachidule yoyesera ndiyo kuthira njere ndi mchere wouma m'botolo louma, kutseka ndi kukhutchumula. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Thumbalo lisamatsegulidwe tsiku ndi tsiku, ndipo likhale pa matabwa, kutali ndi khoma ndi makoswe, popeza kabowo kamodzi kamathetsa ntchito yake yonse. Ngati mwasankha mankhwala aufa monga Actellic, gulani kwa ogulitsa zaulimi ovomerezeka, mutsatire muyezo ndi masiku odikira olembedwa pa paketi, ndipo muthire pa chimanga chosagaya chokha, osati mu ufa.

Chimene ndimaona kawirikawiri m'makomo ndi chizolowezi chothira ufa watsopano pamwamba pa wakale m'chidebe chimene sichinatsukidwepo chaka chonse, ndiponso kugwiritsanso ntchito masaka a chaka chatha osawaviika m'madzi owira. Apo m'pamene njenjete zimapulumukira. Thumba la ufa la makilogalamu 25 mukagula ku Soweto Market kapena m'sitolo, yang'anani m'misoko ngati muli ulusi, ndipo mvula ikayamba mu Novembala muzigayitsa ufa wokwanira masabata awiri kapena atatu okha. Muwauzenso makolo ku Katete kuti chaka chamawa akolole chimanga chikangouma, asese nkhokwe ndi kuwotcha zinyalala zake asanaikemo chatsopano.