Khosi, phewa ndi chigongono: yankho kwa mayi wosoka pakhonde

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina wa zaka 44 amene amasoka zovala pakhonde la sitolo ku Lunzu. Anachita kulembetsa kwa mwana wawo, ndipo andilola kuyankha poyera bola ndisatchule dzina. Mawu awo ndi awa:

"Chilandirireni oda ya mayunifolomu mu Ogasiti, khosi limauma, paphewa lakumanja pamatentha ngati aikapo khala, ndipo chigongono chimabaya ndikamadula nsalu kapena kunyamula ketulo. Bulufeni ndamwa tsiku ndi tsiku kwa miyezi iwiri. Apongozi akuti ndi nyamakazi, nditemere mphini. Mnzanga akuti ndikabayitse jekeseni pachigongono. Kusoka sindingasiye, ana adya chiyani? Nditani?"

Mayi, pepani ndi ululuwo, ndipo zikomo pondikhulupirira. Ndiyamba ndi bulufeni chifukwa ndi amene wandidetsa nkhawa kuposa chigongonocho. Mankhwalawa, pamodzi ndi anzake monga diclofenac ndi indosidi, amathandiza akamwedwa masiku ochepa, mutadya kaye. Akamwedwa miyezi amakanda m'mimba mpaka zilonda, amafooketsa impso, ndiponso amakweza BP. Ngati muli kale ndi BP, shuga kapena zilonda za m'mimba, ngati muli oyembekezera, kapena mukumwa ma ARV okhala ndi tenofovir amene nawonso amadalira impso, ngoziyo imakula. Asiyeni. Ululu ukavuta imwani panado, mapilitsi awiri a 500 mg, osapitirira mapilitsi 8 pa maola 24. Mukaona chimbudzi chakuda bii ngati phula, kapena pamtima pakuwotcha osasiya, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene zoona za miyezi iwiri ija. Akakupimeninso BP.

Tsopano za ululuwo. Wotsimikiza ndi amene adzakugwireni mkono n'kuupinda, koma mmene mwafotokozeramu, awa ndi mavuto awiri obadwa ku ntchito imodzi. Khosi ndi phewa zili pamodzi. Chigongono chili ndi nkhani yakeyake.

Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndiye kuti mapaketi asanu a shuga, ndipo wakhala pa timafupa 7 ta m'khosi. Mutu ukakhala chilili, timafupato timausenza bwinobwino. Mukaweramira pa singano, ntchito yonse imagwera minofu ya kumbuyo kwa khosi, makamaka mnofu waukulu umene umachoka kunkhongo n'kuyala mpaka paphewa. Khala lija lili pamenepo. Mnofuwo sunang'ambike, watopa ndi kugwira malo amodzi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tangoyesani kunyamula chidebe chaching'ono mkono uli tambalale, muone ngati mungathe mphindi zisanu. Khosi lanu lakhala likuchita zimenezo chiyambire Ogasiti.

Mayi anga aang'ono anali telala, ndipo ndimawaonabe m'maso mwanga atakhala pa kabenchi kopanda choyedzamira, mphuno ili pafupi kugunda makina, tepi ili m'khosi, akulowetsa ulusi kachitatu osalowa. Madzulo ankatiitana ana kuti tiwatikite paphewa, ndipo pansi pa chala pankamveka kanthu kolimba ngati nthudza. Chimene chinawathandiza kwambiri sichinali mankhwala. Anali magalasi owerengera. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kulephera kuona zapafupi, ndipo mosadziwa amasuzumira n'kukankhira chibwano kutsogolo. Inu muli ndi zaka 44. Ngati kulowetsa ulusi kwayamba kukuvutani, kapimitseni maso, chifukwa mwina theka la vuto la khosi lili pamenepo. Makinawo muwasunthirenso powala, ndipo mpando ukhale woti zigongono zifanane ndi thebulo, mapewa osakwera m'makutu. Mukhoza kupinda chitenje n'kukhalira, china n'kuika kumsana.

Koma ngakhale mutakhala mokongola bwanji, kukhala chimodzimodzi nthawi yaitali kumapwetekabe. Thupi limafuna kusinthasintha. Musadikire wotchi, ntchito yomweyo ikukumbutseni: mukamaliza kabudula mmodzi kapena diresi imodzi, imirirani. Bwezerani chibwano kumbuyo mosaweramitsa mutu, ngati mukuthawa utsi, gwirani mpaka muwerenge 5, muchite kasanu. Kenako kokerani mapewa kumbuyo ndi pansi ngati mukufuna kupana pensulo pakati pa msana. Cheukani kumanja, cheukani kumanzere, pang'onopang'ono. Zonsezi sizitha mphindi imodzi. Madzulo thowani ndi kansalu koviika m'madzi ofunda kwa mphindi 15, ndipo wina akutikiteni ndi mafuta. Pogona pewani chafufumimba chifukwa khosi limakhala lopotoka usiku wonse, ndipo pilo akhale wongodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa. Kolala ya m'khosi ija ena amagula musaifune, imaumitsa khosi ndi kufooketsa minofu. Khosi la mtundu uwu kawirikawiri limayamba kumasuka m'masabata ochepa.

Chigongono ndiye chofuna mtima wautali, ndipo pano ndikhalitsapo. Gwirani kafupa kotukuka kunja kwa chigongono. Ngati mukadina pamenepo kapena pansi pake pang'ono mukudumpha, ndipo ululu umabwera mukafinya chovala, mukatsegula botolo kapena mukapereka moni wa dzanja, ndi vuto limene Azungu analitcha dzina la masewera a tenesi, ngakhale ambiri olidwala mpira wa tenesi sanaugwirepo. Ndi la akalipentala, omanga nyumba, oluka tsitsi, ochapa ndi atelala. Minofu imene imadzutsa dzanja ndi zala imamangirira pa kafupa kameneko ndi mtsempha wolimba ngati chingwe. Sizasi iliyonse yomwe mwatsegula ndi kutseka pa nsalu yokhuthala ya yunifolomu, simbi yamakala iliyonse yomwe mwanyamula, imakoka chingwecho. Ntchito ikachuluka mwadzidzidzi, monga zimakhalira sukulu zikamayandikira kutsegulira mu Seputembala, chingwecho chimayamba kutha msanga kuposa mmene thupi lingachikonzere. Kwenikweni si chotupa, n'chifukwa chake bulufeni wa miyezi iwiri sanachotse kanthu.

Nkhani yabwino ndi yakuti anthu ambiri, pafupifupi 9 mwa 10 aliwonse, amachira pasanathe chaka. Nkhani yowawa ndi yomweyo: ndi miyezi, osati masabata. Ndikukuuziranitu kuti musadzataye mtima mu Disembala n'kuyamba kuthamangira aliyense wolonjeza zapompopompo.

Za jekeseni, mnzanuyo sananame kuti amathandiza. Jekeseni wa mankhwala otchedwa steroid amaziziritsa ululu kwa masabata angapo, ndipo munthu amaona ngati wachira. Vuto limadza pambuyo. Mu 2013 ofufuza a ku Brisbane m'dziko la Australia anatulutsa zotsatira za anthu 165 a vuto limeneli. Patatha chaka, mwa obayidwa steroid ochira anali 83 pa 100 aliwonse, pomwe mwa obayidwa jekeseni wopanda mankhwala anali 96. Ululu unabwereranso kwa oposa theka la obayidwa steroid, koma kwa enawo unabwerera kwa 12 okha pa 100. Ine mchemwali wanga sindingamulole kuyamba ndi jekeseni ameneyu. Mphini nazo, apongozi akunena mwachikondi ndipo muwayankhe mwaulemu, koma lumo limacheka khungu pomwe vuto lili pa mtsempha wa pafupa. Chimene mungatengeko ndi chilonda, ndipo lumo likakhala lobwerekana, matenda a chiwindi kapena HIV.

Chochiritsa chingwe chotha ndi kuchichepetsera katundu kenako n'kuchilimbitsa pang'onopang'ono. Noletsani sizasi sabata ino, chifukwa yobuntha imadya mkono. Kulungani kansalu pa zogwirira zake kuti zala zisamapanike. Musadule nsalu zambiri mophatikiza, ndipo kudula kwa tsiku lonse musakuunjike m'mawa umodzi: dulani pang'ono, sokani, dulaninso. Kusita ndi kufinya zochapa apatseni ana kwa miyezi ingapo. Ponyamula ketulo kapena poto, chikhatho chiyang'ane kumwamba, chigongono chili pafupi ndi nthiti, kapena gwirani ndi manja awiri. Ena amapepukidwa akamanga kalamba pamkono, zala zitatu kutsika kuchoka pachigongono, nthawi ya ntchito yokha, kosathina mpaka dzanzi.

Mafizo ake ndi awa. Dzazani madzi m'botolo la theka la lita. Gonekani mkono pathebulo la makina, dzanja lili lende kumphepete, chikhatho chayang'ana pansi, botolo lili m'manja. Ndi dzanja linalo dzutsani dzanja lodwalalo, lisiyeni, ndipo litsike lokha pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka 5. Kutsikako ndiye mankhwala. Chitani ka 10 mpaka ka 15, pumani, mubwereze katatu, kamodzi pa tsiku. Kupweteka pang'ono pochita n'kololedwa, bola pofika mawa lake kukhale kutabwerera mwakale. Kukakula, chepetsani madzi. Zikayamba kupepuka, onjezani mchenga m'botolomo. Muchite miyezi itatu musanaweruze ngati mwachira.

Pali zizindikiro zina zimene sizifuna kuthowa kapena botolo, zimafuna chipatala msanga. Khosi louma gwa limodzi ndi kutentha thupi, mutu waukulu, kusanza kapena kusokonezeka ndi chizindikiro cha matenda oumitsa khosi, ndipo amapha m'masiku ochepa. Kwa amene ali ndi HIV, mutu wosatha wa masiku angapo wokha ndi wokwanira kuthamangira. Ululu wa paphewa kapena mkono wamanzere wobwera ndi kuthina pachifuwa, thukuta ndi befu ukhoza kukhala mtima. Dzanzi lotsika mpaka ku zala, dzanja kufooka mpaka kugwetsa zinthu, miyendo kulemera poyenda, ululu woyamba mutagwa pa kabaza kapena pa ngozi ya minibasi, ndiponso ululu wa usiku wobwera ndi kuonda ndi thukuta, umene nthawi zina umakhala TB ya mafupa a msana, zonsezi n'zofuna dokotala. Chinanso cha msinkhu wanu: ngati phewa layamba kukana kukwera, moti kumanga duku kapena kufikira zipi ya kumsana kwakanika ngakhale wina akuthandizeni kukweza mkono, ndi vuto lina louma phewa, lofala pakati pa zaka 40 ndi 60 makamaka kwa odwala shuga. Zikatero mukayezetsenso shuga.

Pakatha masabata 6 mukuchita zonsezi koma osaona kusintha kulikonse, pitani kuchipatala chapafupi mukapemphe kalata yokaonana ndi a mafizo. Inu muli ndi mwayi chifukwa Lunzu ndi pafupi ndi chipatala cha Queens, komwe kuli nthambi ya mafizo, komanso ku Blantyre komweko kuli chipatala cha mafizo cha Kachere. Mukapita mutenge sizasi yanu ija, mukawaonetse mmene mumaigwirira. Akapanda kukujambulani X-ray musaone ngati akunyozani, chifukwa mtsempha wa pachigongono ndi mnofu wotopa sizioneka pa chithunzi chimenecho.

Mundilemberenso kumapeto kwa mwezi wamawa, kudzera mwa mwana yemweyo, mundiuze za BP, za maso, ndiponso ngati ketulo yayamba kunyamulika.