Musalipire ngakhale tambala pa u-Sir umenewo

Achimwene, amene wakuuzani kuti mukatumiza ndalama mudzatchedwa Sir, dzina laulemu la ku Britain, uyo ndi wakuba. Mtima umandiwawa ndi anthu otere, chifukwa amadziwa kuti munthu akakhala ndi kabizinesi kake amalakalaka dzina laulemu, ndiye amatchera msampha pomwepo.

Ku Britain kugulitsa ulemu ndi mlandu kuyambira 1925. Lamulolo linabwera nkhani itanunkha nthawi ya nduna yaikulu Lloyd George, pamene Maundy Gregory ankayenda ndi mitengo ya maudindo ngati wogulitsa mbuzi. Mu 1933 khoti linamupatsa miyezi iwiri kundende ndi chindapusa cha mapaundi 50. Fomu yosankhira munthu ndi yaulere, ndipo simungadzilembe nokha. Amakulemberani wina, kuonjezerapo makalata osachepera awiri a anthu odziwa ntchito yanu. Makomiti amaunika, amafufuza ndi za msonkho zomwe, ndipo zimatha chaka kapena kuposa. Maina amatuluka kawiri pachaka, pa Chaka Chatsopano ndi mu Juni pa chikondwerero cha kubadwa kwa Mfumu, n'kusindikizidwa mu London Gazette, nyuzipepala ya zilengezo za boma. Dzina likasowa m'menemo, satifiketi yanu ya u-Sir ndi pepala lokulungira mandasi.

Chimene akubawo sakuuzani n'chakuti ngakhale ulemuwo utakhala weniweni, inu wa pasipoti ya Malawi simungatchedwe Sir. Dziko lathu linasiya kukhala pansi pa Mfumukazi pa 6 Julaye 1966, ndipo nzika za maiko amene Mfumu si mtsogoleri wawo zimalandira ulemu wapadera: zilembo kumapeto kwa dzina basi. Bill Gates analandira KBE mu 2005, Pelé mu 1997, koma palibe amene anakhala Sir. Terry Wogan wa ku Ireland anachita kutenga unzika wa Britain kuti akhale Sir Terry. Mukamva Sir Seretse Khama, kumbukirani kuti anaulandira mu 1966, Botswana ikutuluka kumene m'manja mwa Britain. Komanso mu Order of the British Empire, yomwe George V anayambitsa mu 1917, MBE, OBE ndi CBE sizipereka u-Sir. Opereka ndi KBE ndi GBE (DBE imapereka u-Dame, dzina lofanana nalo la amayi), kapena, kunja kwa Order imeneyi, Knight Bachelor, amene alibe zilembo kumapeto.

Mwambo weniweniwo ndi waufupi zedi. Umachitikira ku Buckingham Palace, ku Windsor Castle kapena ku Holyroodhouse ku Edinburgh. Dzina likaitanidwa, munthu amagwada ndi bondo lamanja pa kampando, Mfumu kapena wa m'banja lachifumu n'kumugunda ndi lupanga chafulati, phewa lamanja kenako lamanzere. Akadzuka amamuveka mendulo, mawu pang'ono, chanza, wotsatira. Mawu aja a m'mafilimu akuti "Arise, Sir" sanenedwa. Amayi olandira u-Dame sagundidwa ndi lupanga, chimodzimodzinso abusa a Church of England. Ndiye mukaona zithunzi za amayi atagwada mu holo ya hotelo, wina atavala mkanjo wofiira akuwagunda ndi lupanga uku akufuula Chingerezi, dziwani kuti ndi sewero.

Chowawa chimabwera pambuyo. Munthu walipira fomu, walipira mkanjo, walipira tebulo la alendo, tikiti ya ndege ndi hotelo. Wasindikiza makhadi a bizinesi, walembetsa chikwangwani pa geti, kutchalitchi alengeza, abale aphika nsima. Kenako mwana wina wa pa Facebook afunsa kuti dzinalo lili pa tsamba liti la Gazette. Foni ya wothandiza uja siikupezekanso. Choipitsitsa, pa khadipo alemba Sir ndi dzina la bambo lokha, pomwe Sir amayenda ndi dzina loyamba: ndi Sir Alex kapena Sir Alex Ferguson, osati Sir Ferguson. Odziwa amangoyang'ana khadi n'kusekera m'kati, ndipo palibe amene amamuuza mwini wake.

Ngakhale weniweniwo amalanda. Robert Mugabe anapatsidwa wapadera wa Order of the Bath mu 1994, n'kumulanda mu 2008. Fred Goodwin wa banki ya RBS anamuchotsa u-Sir mu 2012.

Komabe ngati ntchito yanu ikukhudzadi Britain, kaya ndinu namwino wa zaka zambiri ku Manchester kapena mumayendetsa bungwe lothandiza anthu, pemphani mnzanu wodalirika akulembereni fomu, muyang'ane MBE osati u-Sir. Ku Britain komweko kuli makampani amene amalipiritsa pothandiza kulemba fomu ndi makalatawo, ndipo ngati Chingerezi cha mnzanuyo n'chopunduka, kulipira wolemba bwino si tchimo. Koma akangotchula kuti ali ndi munthu ku Palace, dulani foni.