Musalowetsenso chingwe chabuluucho musanayeze pini 7

Achimwene imani kaye, ndaona funso lanu la chingwe chabuluu cha USB to serial chomwe mwalumikizira laputopu ku PLC, kakompyuta koyendetsa makina a m'fakitale. Mwati laputopu ikuchiona chingwecho ngati COM3 koma PLC ili zii, eti? Zulani chingwecho pompano. Ine zinandionekera zomwezi pa fakitale ina yoyenga mafuta a soya cha ku Kamwendo kuno ku Mchinji, mpaka lero ndikamva fungo la pulasitiki yopsa mtima umachita phaa.

Inali nyengo yogula soya, matumba atadzaza mpaka panja, makina aima. PLC yake inali Siemens S7-200 yakale ija. Chingwe chake chenicheni cholumikizira ku kompyuta, chija amati PC/PPI, ndinalibe, ndiye ndinakwera minibasi wa ku Lilongwe kukasaka. Mkulu wa mushopu ina anatulutsa ka USB to serial kabuluu, amvekere "madala, mapini 9 ndi mapini 9 basi, zonse n'chimodzimodzi, timagulitsa daily." Ine ndi ujeni wanga ndinakhulupirira.

Ndafika madzulo, jenereta ikulira, bwana waima kumbuyo kwanga, anyamata onyamula matumba azungulira kudzaona injiniya. Ndalowetsa. Sipanathe mphindi, kachingwe katentha ngati mbatata yootcha, kautsi toloo, laputopu n'kuthima. Anyamata kuseka mpaka kugwira mimba. Bwana anangofunsa kuti "kodi sukuluyo munamalizadi?" USB ya kumanzere ya laputopu ija inafera pomwepo, ndipo inali yobwereka kwa alamu anga.

Nkhani yake ndi iyi. Pulagi ya S7-200 imaoneka ngati RS-232, serial wamba wa kompyuta, koma mkati ndi RS-485, njira ina yotumizira data. Data imayenda pa pini 3 ndi 8, ndipo pini 7 imatulutsa 24V. Pa chingwe wamba cha kompyuta pini 7 ndi RTS, waya wa siginolo chabe. Ndiye ndinamwetsa 24V kachipu kosalakwa ka m'chingwemo. Nditabwerera kushopu kuja mkulu uja anakana kuti sanandionepo, kenako akuti ndinachinyowetsa ndi mvula. Mvula mu Meyi! Anthu ogulitsa zinthu zomwe sakuzidziwawa atimaliza, ngakhale lisiti sapereka. Bwananso anandidula ndalama ya tsiku lomwe makina anagona, ngati ndinawaimitsa ndine.

Ndiye inu chitani izi. Simunanene mtundu wa PLC yanu, pezani buku lake muone mapini, musadalire maonekedwe a pulagi kapena mitundu ya mawaya. Tengani mita, wakuda pa pini 5, wofiira muziyendetsa pini iliyonse makina ali oyaka. Mukaona 24V penapake, chabuluucho chisayandikire.

Adaputala yanuyo, chingwe chabuluucho, iyeseni payokha. Lumikizani pini 2 ndi 3 ndi kawaya, tsegulani PuTTY, pulogalamu yolembera ku serial, pa COM3, lembani chilichonse. Zilembo zikamabwerera ndiye kuti ili moyo. Pakati pa pini 3 ndi 5 muyenera kuona voteji ya negative, cha m'ma -5V kapena kutsikirapo. Ikamaonetsa +3.3V kapena +5V mwagulitsidwa ya TTL, yoyankhulira machipu mwachindunji, singayankhulane ndi RS-232. Mu Device Manager ya Windows mukaona Code 10 pa Prolific, dzina la kampani yopanga chipu, kawirikawiri chipu chake n'chachinyengo.

Ngati makina anu alidi RS-232, mwina vuto ndi 2 ndi 3 basi. Ena amafuna chingwe cholunjika, ena chopingasa chija amati null modem. Yezani pini 2 ndi 3 mbali zonse: TX (wotumiza) wa uku akumane ndi RX (wolandira) wa uko, 5 apite pa 5. Onaninso baud (liwiro la data) ndi parity (kafufuzidwe ka zolakwika), ma PLC a Delta DVP amabwera pa 9600, 7, E, 1 pomwe ambiri timangosiya 8, N, 1. Chingwe chisapitirire mamita 15, ndipo chisagone limodzi ndi mawaya a mota kapena VFD, chosinthira liwiro la mota.

Langizo langa, musamapange zingwe nokha, gulani chenicheni kapena cha chipu cha kampani ya FTDI ngakhale chikudula. Ngakhale kunena zoona chomwe chinadzutsa makina a ku Kamwendo aja ndi ka USB to RS-485 kotchipa ka chipu cha CH340, ndinawotcherera ndekha mawaya awiri pa 3 ndi 8, kanakana, nditasinthanitsa mawaya awiriwo, A ndi B, kanayankha pa 9600, adiresi 2. Mpaka pano ndimayenda nako m'chikwama, ndinakakulunga ndi tepi wofiira. Jambulani pulagi ya PLC yanuyo ndi ka sitika ka model mutumize muno ndione.